Mfuti ya Bambo a Chisomo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno matupi ali bwino, koma manyazi andigwira.

Mukukumbukira mfuti yampweya ija bambo a Chisomo ankaphera makoswe tili ku England? Kumeneko sinkafuna laisensi, koma kuno ku Scotland lamulo ndi lina, ndipo ife sitinafunse. Loweruka anaitulutsa kuseri kwa nyumba, aneba n'kuimbira apolisi. Apolisiwo anafika amayi akumpingo ali m'nyumba mwanga, tili pakati pa nyimbo.

"Laisensi ya mfutiyi ili kuti?" anafunsa wapolisi.

"Ndi ya makoswe chabe, bwana," anatero bambo a Chisomo.

Anailanda mfutiyo, eni ake n'kuwatenga kuti akawafunse mafunso. Mkulu wa mpingo wathunthu kukwezedwa galimoto ya polisi, anthu a m'dera lathu lino la Springburn akusuzumira m'mawindo! Amayi aja anatuluka mmodzimmodzi, tiyi osamaliza. Lamulungu ndinalephera kupita kutchalitchi.

Bambo a Chisomo anabwerako Loweruka lomwelo madzulo, koma nkhani mwina ipita kukhoti, ndipo tikuopa kuti ingatiwonongere mapepala okhalira kuno. Mutipempherere. Chonde amayi musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Akafunsa za mkamwini wawo, mungoti akupereka moni.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Eliza