Mabotolo a pa Kasupe Wotentha

Lolemba, 8 Julaye 2024

Lero ndayamba kuthandiza a Nancy, mwana wa aphunzitsi athu akale a Reuben. Amaphunzira ku yunivesite ku Lusaka. Abwera ndi dalaivala, a Webby, kudzatenga matope pa kasupe wathu wotentha, kuseri kwa phiri, paja timasosolera nkhuku. Abusa ndiwo ananditchula, akuti Mwandida sanaswepo ngakhale kapu ya kutchalitchi.

Akuti m'matopemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Ndinafuna kufunsa kuti sitipsa bwanji, poti ine chala chokha sindingachiviikemo. Manyazi anandiletsa.

Lachiwiri, 9 Julaye

Kuzizira koopsa m'mawa, kasupe ali tolotolo nthunzi. Tadzaza mabotolo 1 mpaka 6. Lililonse limabwera m'pepala lake lomata, kuti musalowe tizilombo tina. Manambala ndikulemba ndine.

A Nancy atamva kuti ndimaphunzira kusoka ku Katete anandifotokozera motere. M'thupi mwa chamoyo chilichonse muli ulusi wautali wotchedwa DNA. Tizilombo ta m'madzi otenthati tili ndi kasizasi kakekake, dzina lake enzaimu. Kasizasiko sikadula chisawawa. Kamanyamula kachidutswa ka ulusi ngati chitsanzo, n'kumayerekeza. Kakapeza ulusi wa mdani, monga vairasi, wolingana ndi chitsanzocho, pomwepo kamadula. Iwo akufuna mtundu wa kasizasi wosafooka ndi moto, mwina tsiku lina udzathandiza poyeza matenda.

Ndinakumbukira mmene atelala amayalira pepala pa nsalu asanadule. Ndinangogwedeza mutu.

A Webby akuti, "Ba Mwandida, mau mumagulisa zingati? Nifuna kugulako awiri chabe." Ndinabisa nkhope m'chitenje.

Lachitatu, 10 Julaye

A Nancy apita ku Chipata kukasainitsa mapepala. Andisiyira 7 mpaka 12, a mbali ya kum'mawa kwa kasupe, kuti ndidzaze ndekha. Ndekha!

Potsika pa mwala ndinaterereka, thumba la mabotolo linagwera pamene ng'ombe zimapondaponda. Mapepala atatu anang'ambika, ndowe mpaka pa zivindikiro. Ndinabwerera kunyumba. Ndinatsuka onse asanu ndi limodzi ndi madzi a kulorini, monga anatiphunzitsira a zaumoyo nthawi ya kolera, kuti pasakhale loyera ndi lakuda. Sindinatsukuluze, poti a zaumoyowo ankati mankhwala azitsalira m'chigubu. Kenako ndinakadzaza matope. Mabotolo akuwala kuposa a dzulo.

Lachinayi, 11 Julaye

A Nancy abwera. Anayang'ana manambala anga nati, "Iwe Mwandi, dzanja lako ndi la mu labu. Seputembala tikupita ku Vubwi, ndikufuna iweyo." Amayi atamva analuluta ali pa mtondo.

Masana a Webby anatayira matope otsala pa tebulo. A Nancy anati apukute ndi kulorini. "Imeneyo imapha tonse, ndi DNA yomwe imaduladula, osasiya kanthu."

Ndinali nditanyamula beseni. Ndinaliika pansi bwinobwino, ndinapita kuseri kwa nkhokwe.

Ndiye kuti m'mabotolo anga muli maliro okhaokha? Kunja saoneka kusiyana ndi enawo. Akakawatsegula ku Lusaka n'kupeza mulibe kanthu, adzalemba kuti mbali ya kum'mawa kwa kasupe kulibe tizilombo. Bodza limenelo lidzakhala langa, koma pansi pake padzakhala dzina lawo. Anandiuza okha kuti a ku yunivesite galimoto anawapatsa ulendo umodzi wokha chaka chino.

Lachisanu, 12 Julaye

Kawiri ndayima pakhomo pa a Nancy. Koyamba ndinati ndabwera kudzasesa. Kachiwiri ndinafunsa nthawi.

Ndinawauza amayi tikutongola chimanga. Akuti, "Unatsuka, sunabe. Wotsuka amamuimba mlandu ndani? Khala chete, mwanawe, za ku Vubwi zingakuphonye."

Mwina tizilombo tina tinapulumuka. Mwina kulorini inali yochepa. Koma ndinayeza ndekha pa kachivindikiro, ndipo ine sindichepetsa muyeso.

A Nancy anyamuka mawa.

Loweruka, 13 Julaye

Katundu yense anali m'galimoto, injini ikulira. A Nancy anandigwira dzanja kutsanzika. Sindinalisiye. Ndinayang'ana nsapato zawo n'kunena zonse, kuterereka, ndowe, kulorini. Mawu ankatuluka aang'ono ngati a mwanapiye.

Nkhope inasintha, ndinaona.

"Ati?"

"7 mpaka 12."

"Onse?"

"Onse. Sindinatsukuluze."

Anatseka maso. "Lachinayi lija unamva, eti? Ukananena pomwepo, bwenzi tili ndi masiku awiri."

Ndinati eya. Misozi ndinaigwira.

A Webby anasuzumira pawindo. "Madamu, tizafika usiku ku Lusaka. Koma imwe, ba Mwandida akamba mau ambiri so, mahala?" Palibe anaseka.

A Nancy anatsegula bokosi, anatulutsa asanu ndi limodzi aja, anawaimika pa khonde. Anafufuza m'chikwama. Mabotolo omata anatsala anayi okha.

"Malo asanu ndi limodzi, mabotolo anayi. Awiri tiwasiya. Webby, zimitsani."

Za ku Vubwi sanazitchule, ine sindinafunse. Njira yonse ya kuphiri tinayenda iwo ali patsogolo. Titafika anayima m'mphepete, nthunzi ikuwaphimba miyendo, akuyang'ana uku ndi uku.

"Ine Lachitatu kunalibe. Pamene unatenga ndi pati? Tisiye pati?"

Ndinaloza pa mwala wakuda, pamene madzi amabwata kwambiri. Ndinati pamenepo tisasiyepo. Pafupi ndi bango tingasiye, chifukwa amayi a m'mudzi amachapirapo ndi sopo.

Anandiyang'ana. "Sopo? Bwanji sunandiuze Lolemba?"

"Simunafunse, asisi."

Anatulutsa buku lawo, anakhala pa mwala.

"Yamba, undiuze zonse za kasupeyu. Uzilankhula mokweza, madziwa akusokosa."