Tadala Akufuna Mwana Wake

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Ndine Eneless, mwana wanu woyamba. Ndikulemba nditakhala pansi pa chigafa cha fodya, anzanga apita kukadya.

Papita zaka ziwiri chikuikireni m'manda kuno ku Mkanda, kutali ndi kwathu ku Phalombe. Tikadali matenanti pa esiteti yomwe ija. Fodya wa chaka chino wachita bwino, koma mtedza unaola ndi mvula ya mu Malichi. Denga la khitchini limene munkadandaula nalo lija, amuna anga, bambo a Chikondi, anafolera. Mbuzi yanu yamawanga inabereka ana awiri, kamodzi kanafa.

Koma chimene ndakulemberani ndi Tadala, mwana wanu wotsiriza. Anakwatiwa ndi Yohane wa m'mudzi wa kuseri kwa esiteti, ndipo anamutenga chitengwa. Mu Januwale anabereka mwana wamkazi, anamutcha Rozina, dzina lanu. Mukanamuona, Amayi! Mphuno ndi yanu yeniyeni.

Patatha masabata awiri Tadala anasintha. Tulo sankaliona, chakudya ankangochiyang'ana. Ankakhala duu, kenako n'kuyamba kulira kuti kukubwera anthu odzamulanda mwana. Tsiku lina anabereka Rozina kumbuyo n'kukabisala m'chimanga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atamupeza, apongozi ake anamumasula mwanayo kumsana n'kutsala naye, kenako n'kubweretsa Tadala kwa ine, zovala zake zili m'thumba la feteleza. Anayankhulira pakhomo, anthu akumva: "Tengani wamisala wanu. Anthu obwera inu sitidziwa zimene munathawa kwanu."

Munkakonda kunena kuti kwa eni kulibe mkuwe. Ndinagwada, n'kuti zikomo.

Kuchokera tsiku limenelo, tikafika pamjigo amayi amasuntha zidebe zawo ngati tabwera ndi mphere. Kukwaya anandiuza kuti Tadala ayambe wapuma, pamene iye ndiye ankawayambitsira nyimbo. Kapitawo analamula kuti asaponde m'shedi yosankhira fodya, ndipo anauza bambo a Chikondi kuti vuto likapitirira, chaka chamawa tikafune kwina kolima.

Zimenezo ndikanapirira. Chinandipyoza mtima ndi anthu akwathu, amene tinakwera nawo lole imodzi pobwera kuno. Anabwera atatu, n'kukhala pamkeka wanu uja. Anati, "Eneless, mubiseni. Eni dera amatinena kale kuti ndife amankhwala. Mukufuna atithamangitse tonse?" Palibe anafunsa kuti Tadala wadya kapena ayi.

Amayi, ndikuuzeni chimene sindinauze munthu. Ndinawamvera. Masiku anayi ndinkamumanga mwendo ndi chingwe cha mbuzi kumzati wa m'nyumba, n'kukhoma chitseko, ine n'kupita kukasoka fodya. Tsiku lachinayi ndinapeza chingwe chitamudya pakakolo mpaka kutuluka magazi. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kuti, "Achemwali, ndalakwa chiyani?" Mwana amene ndinkamubereka inu muli kumunda. Chipsera chilipobe, ndimachiona akamasamba.

M'mawa mwake ndinamukweza pa njinga ya kabaza, ine ndikutsatira pa ina, mpaka kuchipatala. Namwino anatimvetsera osatidula pakamwa. Anati awa ndi matenda, amagwira amayi ena akangobereka, si ufiti, si chilango, ndipo mankhwala ake alipo. Kenako anafunsa ngati m'banja mwathu alipo anadwalapo chonchi. Ndinayankha kuti ayi.

Tili m'njira pobwerera m'pamene ndinakumbukira. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene Tadala ankabadwa. Munakhala miyezi ingapo kuseri kwa nyumba, mutafunda chitenje kumutu, osayankhula. Phala la mwana ndinkaphika ndine. Bambo ankauza anthu kuti ndi malungo, ndipo chaka chomwecho tinasamuka, osatsanzika ngakhale kwa azakhali. Ine ndinakula ndikudziwa kuti tinathawa njala.

Bwanji simunatiuze, Amayi? Sindikukuimbani mlandu, ndaona tsopano chimene munkaopa. Koma mukanandinong'oneza ngakhale kamodzi, chingwe chija sindikanachigwira.

Tadala wamwa mankhwala miyezi iwiri tsopano. Akugona, akuphika, dzulo anaseka mbuzi italowa m'khitchini. Koma mkaka unauma, ndipo m'mawa uliwonse amafunsa kuti tipita liti kukatenga Rozina. Ndinapita kwa apongozi ake ndi buku lake la kuchipatala. Anakana kuligwira. Anati wamisala sachira, amangopuma. Yohane anali pomwepo, akukumba pansi ndi chala chakuphazi. Mwana ndinangomumva kulira m'nyumba, sanandilole kulowa.

Lachiwiri lapitali ndinamupeza Tadala atakhala kuseri kwa chigafa, botolo la mankhwala opopera fodya lili pambali pake. Linali losatsegula. Ndinamuyandikira pang'onopang'ono. Anati, "Achemwali, mayi wopanda mwana ndi wantchito yanji?" Ndinangomugwira mutu n'kuuika pachifuwa. Tsiku lomwelo ndinabwerera naye kwa namwino uja, ndipo mabotolo onse ndinakapereka kwa kapitawo. Panopa ndikapita kumjigo amapita nane, ndikalowa m'bafa ndimamuyankhulitsa ndili momwemo kuti ndizimva mawu ake. Ngakhale pano ali apa, akusenda mtedza wochepa umene unapulumuka, ndikumuona.

Ndatopa, Amayi. Ndikuopa kuti tsiku lina ndidzangotembenuka pang'ono n'kupeza palibe. Ndilibe mlongo kuno, ndilibe malume. Ngati kumene muliko mumamva, tipemphereni, chifukwa ine ndikagwada mawu sakutuluka.

Loweruka ankhoswe akumana pa nkhaniyi. Akwathu aja andiuza kuti ndikakhale chete, amuna ndiwo akayankhule. Sindikakhala chete. Ndikaulula chinsinsi chanu pamaso pa onse. Ndikanena kuti mayi amene ankawaphikira pamaliro awo, amene ankasambitsa ana awo akhanda, amene iwo omwe anamulira kuti anali munthu wabwino, anadwalapo matenda omwewa, anachira, n'kulera ana awiri mpaka kukula. Mwina akanena kuti mtundu wonse ndi wamisala. Mwina malo pa esiteti atithera. Koma inu ankakudziwani, anadya za m'manja mwanu, ndipo umboni wina ndilibe.

Mundikhululukire povula chitenje chimene munadzifunditsa zaka zonsezi. Ndimakukondani monga kale. Ndikukulonjezani kuti Tadala sindidzamumanganso, sindidzamubisanso, ndipo kwa apongozi akewo ndizipitabe mpaka Rozina atagona pamsana pa mayi ake.

Ndine mwana wanu,
Eneless