Sowo ya Achimwene Tieku

Lolemba, 4 Novembala

Ine Fosuaa, loya wodziwika kuchokera kuno ku Kumasi mpaka ku Accra, ndikupereka dandaulo langa kwa aliyense wa makutu: andigoneka chipinda chimodzi ndi sowo. Inde, sowo yamagetsi yodulira makona ija, aifunditsa nsalu ngati maliro. Ndapunthwa nayo chala. Wopepesa palibe.

Eni ake, achimwene Tieku, angoti duu pakhonde. Chiwagwereni sitiroko, dzanja lamanja linafooka. Pakamwa pamangotuluka "eya" ndi "ayi". Alamu Dufie akuti kushedi sapondako, ndipo alendo akabwera amathawira kuchipinda, poti moni wa dzanja lamanzere ndi mwano. Munthu amene ankakalipira ngakhale msomali ukapindika! Ndawasowa achimwene anga ali pompano.

Loweruka tikumbukira amayi, chatha chaka chimwalirireni. Chithunzi chawo chilibe felemu. Alamu akuti tikagule kumsika wa Kejetia. M'nyumba ya kalipentala? Tione.

Lachiwiri, 5 Novembala

Magetsi kulibe. Fufu wa alamu yekha, nsima yathu ija yachinangwa, ndiye wandiletsa kukasuma.

Lachitatu, 6 Novembala

Ndaitulutsa sowo, ndaiika pansi pa mango, maso ndi maso ndi khonde. Ndimaidziwa bwino, anandiphunzitsa okha patchuthi cha kuyunivesite. Kumbuyo kuli kabawuti kolamula pamene chimbale cha mano chitsike n'kuima. Ndazula pulagi, ndakamanga dala kuti chimbale chizilekezera panjira. Kenako ndatenga thabwa lawo la mtengo wa odum, lija amalisunga ngati mwana wobadwa yekha. Ndacheka, pansi patsala posaduka, ndathyolera pabondo. Phwaa! M'mphepete ngati mwatafuna mbuzi.

Pakhonde nsagwada ya achimwene yagwedera. Mawu ayi.

Alamu monong'ona: "Mukuchitira dala, eti?"

"Loya amafunsa, alamu, sayankha."

Thabwalo landiwawa ndithu. Likatha asanalankhule, ndidzakhala mfiti ya banja lino.

Lachinayi, 7 Novembala

Lero ndawonjeza tchimo: kona ndaika pa madigiri 40 m'malo mwa 45. Polumikiza zidutswa, mpata wake mwanapiye n'kudutsa. Ndati mokweza, "Zili bwino, amayi sanali ovuta."

"Iwe!"

Ndi achimwene, pakhonde. Sindinatembenuke.

"Kabawutiko! Masula!"

"Kati, achimwene? Aka?" Ndagwira kolakwika.

Ndamva ndodo, go, go, go, pamasitepe. Afika akupuma ngati akwera phiri. "Zula pulagi kaye, chitsiru cha mkanjo wakuda. Ndinakuphunzitsa ine kapena bakha?"

Amasula kabawuti ndi lamanzere, pang'onopang'ono, akutsitsa chimbale mpaka mano angolowa mumpata wa pansi osakhudza chitsulo. Koma nati yokhomera kabawutiko imafuna manja awiri. Ayang'ana dzanja lawo lija, nthawi ndithu. Ndinaopa kuti abwerera. Koma angoti, "Gwira apa. Digiri yakoyo sigwira sipanala?" Ndagwira. Kona abwezera pa 45, tayesa pa kachidutswa kotaya. Chaduka mwaa, ngati sopo.

Alamu ndawapeza kukhitchini misozi ili lengelenge. Akuti tsabola. Tsabola wake anali asanadule n'komwe.

Mulungu, zikomo. Thabwa latsala lokwana ndendende.

Lachisanu, 8 Novembala

Tayamba m'mawa. Ine kupana thabwa, iwo kutsitsa sowo ndi lamanzere, mkono wofooka tauika m'nsalu kutali ndi mano. Makona anayi agwirana, tsitsi silingalowe.

Tili mkati momata, atulukira a Agyekum, mkulu wa mpingo, kudzafunsa za mawa. Ndinati basi, achimwene athawa. Ayi. Manja ali guluu ndi utuchi, awapatsa mkono wamanja kuti agwire pamfundo ya dzanja, monga amachitira mmisiri aliyense akadetsedwa. A Agyekum agwira osaona chachilendo. "Mwayambanso ntchito, bwana?"

"Ndikanatani? Loya uyu akanandithera matabwa. Mutu ngati chitsa."

Pamaso pa mkulu wa mpingo! Choncho ine Fosuaa ndikulamula chipukutamisozi chotere: nkhosa yoyera yovala mkanda, mpando wa odum wolembedwa dzina langa, ndiponso kuti woimbidwa mlanduyu azindinyoza chomwechi m'mawa uliwonse mpaka mano anga atathothoka. Apilo kulibe.

Achimwene akundiitananso kunjaku. Akuti ndabisa pensulo. Ili kukhutu kwawo.