Bokosi la Dalitso

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa?

Kuno tilipo, koma ndikati tili bwino ndikunamizani. Ndiyambe ndi zabwino, poti n'zochepa. Mpongozi wanu Nachisale anachira, ndi mwana wamkazi. Tinamutcha dzina lanu, ndipo akakwiya amakwinya chipumi ngati inu ndendende. Chimanga cha kumunda wanu wa kuphiri chaka chino chatichititsa manyazi. Feteleza anakwera mtengo, mlongo wanga Esinati anangothira theka la munda, theka linalo n'kubereka mapesi okhaokha. Fodya anayamba bwino, koma matalala anang'amba masamba. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yomweyo, ndipo palibe amene walidzutsa.

Ku Lilongwe ndinachokako. Ntchito ija munkaiseka ija, yolangiza anthu kosunga ndalama zawo, inatha. Munkati, "Iwe Fesitoni, munthu wamkulu ndi ndevu zake angakulipire kuti umuuze asadye ndalama zake?" Ankalipira, Amayi, mpaka pamene zipani zinachuluka, kwacha n'kugwa mphamvu. Munthu woti malipiro ake akutha mwezi usanafike pakati ungamulangize chiyani? Mabwana anatseka ofesi, n'kutithokoza ndi mawu okoma kwambiri.

Ndiye ndinatsegula kaofesi kanga pa Mponela, kuseri kwa chigayo. Ufa umalowa mpaka m'madilowa. Ndimagulitsa inshuwalansi m'malo mwa kampani ina ya m'tauni. Ndikudziwa mufunsa kuti ndi chiyaninso chimenecho. Munthu amapereka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, kuti tsiku limene galimoto yake yachita ngozi, chigafa cha fodya chapsa, kapena pakhomo pagwa maliro, kampani imuthandize. Aphunzitsi anamvetsa msanga. Alimi ambiri ankangondiyang'ana, n'kufunsa kuti chigafa chawo chandilakwira chiyani kuti ndizichifunira moto.

Ya maliro ndi imene ndinaikonda, ndipo chifukwa chake ndi inu. Simunaone, koma bokosi lanu tinakhomera chitseko cha nyumba yanu yomwe. Ine wa tayi, wochokera ku Lilongwe, ndinaima pamenepo kuonerera anyamata akuzula misomali. Manyazi amenewo sanandichoke. Choncho nditangotsegula ofesi, oyamba kuwalembetsa anali a m'banja mwathu: ine, Nachisale, Esinati ndi ana ake awiri, Dalitso ndi Nelesi. Sindinaone chifukwa chowauzira. Kwa ine unali udindo wa malume basi, ngati kuwalipirira sukulu.

Dalitso anamwalira m'dzinja, ndi malungo. Mnyamata uja munamusiya akuphunzira kulemba dzina lake pamchenga. Uthenga unandipeza m'mawa ku ofesi. Ndinalira, kenako ndinachita zimene ndimachitira kasitomala aliyense. Ndinathamangira kwa kalipentala amene timagwira naye ntchito, yemwe amakhala ndi mabokosi okhomeratu. Ndinasankha laling'ono loyera, n'kuchita hayala pikapu, n'kulowa msewu wa ku Ntchisi. Mumtima ndinkati ulendo uno palibe chitseko chizulidwe.

Ndinafika kumudzi dzuwa lisanafike pamutu. Adzukulu anali asanayambe n'komwe kukumba manda. Alongo anu, a malume Jelemiya, anali atangotuluka m'nyumba ndi bango limene anayezera mtembo, monga timachitira, kuti alipereke kwa okhoma bokosi. Pikapu itaima, anthu onse pasiwa anatembenukira kwa ine. Anyamata anatsitsa bokosi, a malume n'kugoneka bango lija pamwamba pake. Linakwana ndendende, Amayi.

A malume anandiyang'ana n'kuti, "Mphwanga, mwanayu unamuyeza liti?"

Ndikanangokhala chete. Koma pakamwa pa mlangizi sipatsekeka. Ndinayamba kufotokoza kuti asade nkhawa, zonse zinakonzedwa kale, dzina la mwanayo ndinalilembetsa chaka chatha, kampani ndiyo ilipire. Esinati anamva ali m'nyumba. Anatuluka chitenje chikukwekwereka pansi.

"Achimwene, mwana wanga munamulembetsa za maliro ali moyo? Akusewera mpira pabwalopa?"

Bokosilo analikana. Dalitso anapita m'bokosi la matabwa osapala limene anakhoma anyamata a m'mudzi, ndipo ine anandiuza kuti kumanda ndisapondeko.

Mukudziwa nokha zimene anthu amanena munthu akatsegula bizinesi, kenako mwana wa mlongo wake n'kumwalira. Akuti ndinakhwimira ofesi. Akuti kuseri kwa kauntala ndimasungako zinthu. Pa Mponela amayi akamadutsa pakhomo panga amakokera ana awo mbali inayo. Aphunzitsi ena omwe, anthu a sukulu zawo, anabwera mozemba kudzafufutitsa mayina a ana awo, maso ali pansi. Ndinakwiya, Amayi, ndipo mkwiyowo sunathe. Munkati, "Ukakwiya uziyamba wamwa madzi, Fesitoni, mawu ako amatuluka ndi minga." Madzi ndamwa okwanira.

Tsopano chimene ndakulemberani. Sabata yatha Nelesi anayamba kutentha thupi, monga momwe anayambira mlongo wake. Ndinamva kwa mphunzitsi wina wa kwathu, poti abale anga sanditumiziranso uthenga. Ndinapeza galimoto n'kuthamangira kumudzi. Ndinamuonera pakhomo mwanayo, atagona pamphasa, maso atayera, milomo itauma. Esinati anaima pakhomopo n'kutambasula manja kuti ndisalowe. Anali atapita kale kwa sing'anga, yemwe anawauza kuti mwanayo wamangidwa ndi wachibale wodziwa kulemba, ndipo ngakhale apite naye kuchipatala sakachira ngati womumangayo sanamumasule.

Ndinachonderera. Ndinatchula Mulungu, ndinatchula inu. Ndinati mapepala onsewo ndiwatentha iwo akuona. A malume anati pepala si kanthu, ndinene ndi pakamwa panga, mbumba yonse ikumva, kuti ndamumasula. Akatero mwana akwera galimoto. Ndinadziwa bwino chimene ankandipempha. Kuti ndimumasule, ndiye kuti ndine ndinamumanga, ndipo ngati ndinamanga Nelesi ndiye kuti Dalitso ndinamupha ndine. M'nyumbamo ndinkamva mwana akupuma mobanika.

Ndinagwada pabwalo, pomwe munkapetera chimanga paja, n'kunena mokweza kuti, "Nelesi, mwana wa mlongo wanga, ndakumasula."

Esinati analira kulira kumene sindinamumvepo, ngakhale pa maliro anu. Sikunali kulira kwa mpumulo ayi. Ndikhulupirira kuti kufikira tsiku limenelo kamtima kena kankamuuzabe kuti mwina achimwene ake ndi osalakwa. Kameneko ndinamulanda ndine, ndi pakamwa panga.

Galimoto anakwera iwo, ine ndinatsala, poti anati ndisayandikire mwana. Ndinatsika mapiri aja wapansi mpaka pamsewu. Nelesi ali ku chipatala cha Mtengowanthenga. Amuika madzi ndi magazi, ndipo dalaivala wa galimoto ija wandiuza kuti dzulo anapempha phala. Kumudzi akuti, mwaonatu, atangomumasula wayamba kudya.

Ndiye zili choncho, Amayi. Mwana ali moyo, ine ndine mfiti yovomera yokha. Ofesi sindikudziwa ngati ifika kumapeto a chaka, ndipo Nachisale wasiya kupita kumsika masana. Zikundiwawa kwambiri. Koma mawu aja sindiwabweza. Ndikawabweza, tsiku lina Nelesi akadzadwalanso adzamutsekera m'nyumba. Ndikukulonjezani kuti ndiwasenza, ndipo akadzafuna kuti ndimumasulenso, ndidzagwadanso.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Dalitso ali ndi inu kumeneko. Mumukhazike pansi, mumuuze kuti malume ake sanamugulitse. Kumudzi kulibenso amene ndingamuuze.

Ndimakukondani, Amayi. Ndine mwana wanu yemwe uja,
Fesitoni