Makoswe Anga Ayamba Kupeza Njira

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kukuvutani. Ife kuno tilipo, ndingotero.

Ndikadali ku labotale kuja, kufufuza ubongo wa makoswe, musaseke. Mu ubongomo muli kanthu kotchedwa enzaimu, kamene kamadzutsa homoni ya nkhawa ikagona. Khoswe akakalamba kanthuko kamachuluka, iye n'kuyamba kuiwala. Tikamuika m'bokosi la tinjira tokhotakhota amangozungulira, chakudya chili pamphuno. Mwezi uno tawapatsa mankhwala oletsa kanthuko, ndipo nkhalamba zangazo zayamba kupeza njira. Anzanga anaomba m'manja. Ine ndinatuluka kukasamba kumaso.

Bambo, achimwene anuwo, akudya bwino. Lachiwiri anapita kukametetsa, koma pobwera anachita kuperekezedwa ndi wometayo, atawagwira dzanja. Ndawasokera nambala yanga ya foni mkati mwa jekete. Nditawafotokozera za makoswewo anaseka, amvekere, "Mwanawe, ineyo sungandigawireko?" Ndinawauza kuti mankhwalawo sanafike pa anthu.

Dzulo anandiitana ndi dzina lanu, ndipo ndinavomera. Musadikire tchuthi, Azakhali. Bwerani dzinalo akadali kulikumbukira.

Ndine mwana wanu,
wa makoswe uja