Belu lalira koyamba

Lachinayi. Mwera tsiku lonse, mutu ukuwawa, koma mtima uli m'malo.

Patha milungu itatu chipachikire belu m'chipinda chathu cholongedzera chambo. Mabwana a kampani anati ndi njira yatsopano: aliyense akaona cholakwika alize belu, ntchito iime, tikonze pomwepo. Ine monga kapitawo ndalankhula mpaka kukhosi kuuma. Onse amangoti "tamva," koma chingwe osachikhudza. Sindikuwada. Ungamulizire belu bwanji munthu woti Lachisanu mukhala mzere umodzi ku mzikiti? Kwathu kuno ku Mangochi kumeneko n'kuyalutsana. Chonsecho masitolo a ku Blantyre akubwezabe mabokosi, ati nsomba zikufika zitafewa.

Lero cha m'ma teni, ngengenge! Tonse tinaima. Anali Abiti Saidi, mayi wamkulu kuposa tonsefe, amene anayamba kupala nsomba ine ndisanabadwe.

"Ndadzilizira ndekha," anatero. "Mabokosi anayi awa ndaikamo ayisi wochepa. Ndiyang'aneni bwino ana inu, ndafa ngati?"

Anthu anaseka, tinawonjezera ayisi, ntchito n'kupitirira. Masana belu linaliranso kawiri, anthu akulizirana, popanda wotupa nkhope.

Poweruka m'pamene ndinakumbukira. Mabokosi amenewo ndinawaona ndekha m'mawa, ayisi anali wodzaza. Mayiwa anachotsamo dala. Pa fomu ya kampani ndangolemba kuti "ayisi wochepa," ndipo sindiwafunsa.

Zaka zonsezi ndimati mtsogoleri m'chipinda muja ndi ine. Chingwe chija ndimachidutsa tsiku ndi tsiku, ndipo zolakwa zanga ndimazidziwa, koma dzanja langali silinachikokepo…