Nyale Yofiira ya Bambo

Tanta, Lachisanu

Wokondedwa mlongo wanga Hossam,

Salaamu aleikumu. Uli bwanji ku Kuwait kuja? Nanga msana uja unasiya? Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga, kupatula bambo.

Paja mwezi watha anawazula mano otsala aja kuti awaikire ena ochita kupanga. Koma ndi shuga wawo uja, nkhama zikukana kupola. Dokotala Mervat akuti sangaike mano pa zilonda. Anati azipita kawiri pa sabata kuti aziwaunika m'kamwa ndi kanyale kofiira, kamene akuti kamathandiza mnofu wa nkhama kumera msanga.

Tsiku loyamba ndinawaperekeza ndine. Atangoona kuwala kuja, anadzuka pampando kansalu kali m'khosi.

"Mwana wanga, ine ndagulitsa nyama moyo wanga wonse," anamuuza dokotala. "Nyale yofiira timayatsa pa nyama yogona kuti izioneka ya lero. Ndiye ine ndasanduka mwendo wa ng'ombe?"

Manyazi ake, iwe! Dokotala anayesa kuwafotokozera kuti iyi ndi ina, mpaka anawaonetsa zithunzi za timinofu ta nkhama timene tinakula m'kambale ataunika. Bambo anangoti nawonso ankaonetsa makasitomala awo zokongola. Sanapondekonso.

Ine ndalankhula mpaka malovu kuuma. Amati mwana wamkazi adziwa chiyani za nyama. Amayi atalowererapo, bambo anawayankha kuti aziona za m'khitchini.

Idi yozinga nkhosa yayandikira, ndipo nkhama zikapanda kupola, mano kulibe. Nkhosa anagula kale, akuidyetsa okha pamwamba pa denga lathu la konkire lija. Akuuza aneba kuti chiwindi adzachiwotcha okha ngati kale.

Koma dzulo anandipeza ndili ndekha ndikutsuka mbale. Anayamba ayang'ana kukhomo, kenako anandifunsa chapansipansi ngati kachigayo ka nyama kaja kakugwirabe ntchito. Bambo athu omwe aja, amene ankati nyama yogaya ndi ya makanda ndi amphaka. Zinandiwawa, Hossam, ndinalira.

Chonde ayimbire. Iwe amakumvera, kaya unawadyetsa chiyani. Usawauze za madokotala ayi. Ungoti pa Idi ukubwera, ndipo nthiti ukufuna udzakukute nawo limodzi. Ukatero ubweredi, usandichititse manyazi.

Kachigayoko ndawauza kuti kanathyoka. Ndakabisa kwa azakhali.

Undiperekere moni kwa mlamu Dalia ndi ana. Mulungu akusunge.

Ndine mlongo wako,
Nagwa